Chitseko cha Mayi Serafina

Malemu anabadwa pa 3 Malichi 1949, ngati buku la ansembe silinama, m'mudzi wa Nigluma, tsidya lija la mtsinje. Makolo athu anawatcha Druagle, ku ubatizo anawapatsa dzina la Serafina, ndipo atakwatiwa kuno kwa a fuko la Gandikane anadziwika kuti mayi Gende. Bambo mfumu, akuluakulu a mafuko onse awiri, alamu athu eni maliro ano, amayi amene mwadzola dothi kumaso chiyambire sabata yatha, nonse amene mwabwera kudzalira, ndi inu amene mwabwera kudzaona kuti akulira ndani: ine ndine Alois Kawage, mlongo wawo wa malemu, wopondana nawo. Abanja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, choncho mawu okometsera ndilibe. Ndinena zimene maso anga anaona, ndipo amene zimuwawe apirire, popeza ifenso tapirira.

Bambo athu anali a Kawage, mayi athu a Wauga. Mu 1955 phiri linagumuka ndi mvula n'kukwirira mkulu wathu Dilu ali kumunda. Mwambo wa nthawi imeneyo unali woti mwana wamwamuna akafa, chisoni chioneke pa dzanja la mwana wamkazi. Azakhali athu anatenga malemu, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anawamenya pachigongono kuti mkono uchite dzanzi, anaika dzanja lamanzere pachipika, n'kudula kachala kakang'ono ndi nkhwangwa yamwala. Pabala anathirapo phulusa n'kumanga ndi tsamba. Amuna tsiku limenelo anadya nkhumba za maliro. Mwanayo anamupatsa nzimbe kuti atonthole. Inu amene mudutse pafupi ndi bokosi, dzanja limenelo taliika pamwamba pa nsalu. Muliyang'ane tisanatseke bokosi.

Mu 1957 masisitere anatsegula sukulu ku mishoni ndipo malemu analembetsa. Anali atangozolowera kugwira sileti pamene bambo athu anakawatulutsa m'kalasi. Sisitere anadandaula kuti mwanayu ndi wanzeru. Bambo anayankha kuti, "Nkhumba zanga sizidya nzeru, zimadya mbatata. Mukafuna mwana, tengani wamwamunayu." Wamwamunayo ndinali ine. Malemu anatuluka asanadziwe kulemba dzina lawo, ngakhale nambala imodzi. M'mawa ankandiperekeza mpaka pamlatho, bilumu, thumba lija loluka ndi zingwe, lodzaza mbatata lili pamphumi, nkhumba ili pachingwe, n'kumati, "Alois, ukamvetsere bwino, madzulo udzandiuze." Madzulo ndikamabwera ndinkawapeza akusinza pamoto, mapazi ali matope okhaokha. Maphunziro a malemu anathera pamenepo.

Pa 12 Ogasiti 1967 anamanga ukwati woyera ndi bambo Petrus Gende a fuko lino. Malowolo anali nkhumba, nthenga za mbalame ndi zigoba za kunyanja, ndipo zonse zinapita kwa amuna a kwathu. Bambo Petrus ambiri munawadziwa: munthu wa nthabwala, wokonda makadi, wosakwezera mkazi dzanja, chinthu chimene masiku amenewo chinali nkhani yokambirana pamsika. Ankawatcha akazi awo kuti "Mayi Zala Naini." Malemu ankawabwezera kuti, "Zala naini zomwezi ndi zimene zikukudyetsani. Inu a zala zokwanira, onetsani chimene mwadzala." Ambuye anawapatsa ana asanu. Awiri anatsogola ali makanda, ndipo woyamba anafera m'njira, mayi ake akuyenda pansi kupita kuchipatala ku Kundiawa. Otsala ndi Yakob, Matias ndi Koleta.

Mu 1972 kunali chisankho, choyamba malemu atakwana msinkhu. Anamva pa wailesi ya akatekisiti kuti lamulo silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, aliyense ali ndi voti yakeyake. Anakhulupirira. Anasamba, anadzola mafuta a nkhumba mpaka khungu kuwala, anavala mikanda yawo ya paukwati. Masiku amenewo munthu wosadziwa kulemba ankaweramira kwa kalaliki n'kumunong'oneza dzina m'khutu, kalaliki n'kulemba. Malemu anali nalo dzina mumtima, la mphunzitsi wina amene analonjeza nyumba yochilira amayi kuno kumtunda, ndipo chifukwa chake mwachimva kale. Atafika kutsogolo, asanawerame n'komwe, bambo Petrus ali kumbuyo kwawo anafuula dzina limene amuna anagwirizana ku nyumba ya amuna, kumene amapanganira nkhani za mudzi, n'kuwonjezera kuti, "Uyu ndi wanga, lembani lomwelo!" Kalaliki analemba, n'kuitana wotsatira. Kunyumba malemu anafunsa kuti, "Bambo, khutu lija linali langa kapena lanu?" Alamu angawo anaseka n'kuti, "Iwe, ndakupulumutsa. Ukanamulavulira munthu wa boma m'khutu, n'kumangidwa." Onse amene analipo anaseka. Malemu sanaseke. Mbatata yonse imene anaotcha tsiku limenelo anakathira kwa nkhumba, ndipo alamu anagona ndi njala.

Za ntchito yawo sindichulutsa, chifukwa ikuoneka. Bambo Petrus anapita kukagwira ntchito ku minda ya kokonati kugombe, anakhalako zaka. Khofi yense ali kuseri kwa nyumbayi malemu anadzala okha, mpanda anamanga okha, ngalande za m'munda wotsetserekawu anakumba okha ndi mtengo wosongola. Nkhumba zawo zinakwatitsa anyamata a fuko lino, zinapepesera milandu ya ndewu zimene iwo sanamenye nawo, ndipo pogawa nyama dzina lotchulidwa linali la mwamuna. Koleta atafika Sitandade 6, abale ena a kuno anati mtsikana wakula, achoke kusukulu alowoledwe. Malemu anakoka nkhumba yawo yaikazi, yabere, kupita nayo kumsika okha kukaigulitsa kuti alipirire mwanayo sukulu, dzuwa lili pamutu, onse akuona. Pobwera anangoti, "Uyu yekha sindimupatsa nzimbe kuti atonthole." Koleta anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi, ndipo theka la anyamata amene aima kumbuyoko, a magalasi akudawo, anadziwa kulemba m'manja mwake.

Tsopano ndinene za tebulo. Alendo mwina simukudziwa, koma eni mudzi mukudziwa, chifukwa ndinu amene mumachita. Chisankho chikayandikira, amuna amakhala pansi n'kugwirizana munthu mmodzi. Tsiku lake anyamata amakhala patebulo ndi zolembera, n'kudzaza mapepala a mudzi wonse. Amayi amaima pamzere padzuwa, ana ali kumsana, kudikira kuti apakidwe inki pa kachala kakang'ono ka kumanzere, chizindikiro choti avota. Mu 1987 malemu anafika patebulo n'kutambasula dzanja. Mnyamata wa inki analiyang'ana, analitembenuza, n'kuti, "Amayi, nanga ndipake pati? Chala mwaiwala kunyumba?" Malemu anati, "Chala chinadyedwa ndi maliro a mlongo wanga, mwanawe. Paka pachitsa pomwepa, koma undipatse pepala langa." Mnyamata anati, "Pepala lanu lalowa kale m'bokosi. Mwavota bwino kwambiri, amayi, pitani mukaphike." Tsiku lomwelo malemu anawoloka mtsinje kudzandionetsa chitsa cha chala chili bii. Anati, "Alois, taona. Inki ndili nayo, voti ndilibe. Andichonga ngati nkhumba yogulidwa kale."

Kuyambira pamenepo, chisankho chilichonse, cha aphungu ngakhale cha makhansala, malemu ankaima pamzere n'kupempha pepala lawo. Sankatukwana, sankagwetsa tebulo. Ankangotambasula dzanja. Ana anawapeka dzina loti Mayi Pepala, ndipo akuluakulu ena amene akulira mokweza lero ndi amene ankawaphunzitsa anawo. Chaka china kunabwera mfuti, ndipo palibe anavota, mwamuna kapena mkazi. Mu 2004 bambo Petrus anadwala chifuwa. Atatsala pang'ono kutisiya anawaitana akazi awo n'kuti, "Zala Naini, khutu lija linali lako." Malemu anati, "Mwachedwa nazo, bambo, kalaliki uja anapita kalekale." Anawalira amuna awo moona, ndipo mikanda yotuwa ya umasiye anaivala, akuvula umodzi umodzi monga mwa mwambo, mpaka womaliza.

Mu 2012 wailesi inalengeza kuti amayi adzakhala ndi mzere wawo ndi kachipinda kawo ka makatoni. Kunabwera alendo a zipewa ndi makamera. Anajambula amayi ali pamzere, anajambula ndi dzanja la malemu, anagwedeza mitu mwachisoni, anamwa madzi awo a m'mabotolo. Dzuwa lisanafike pamutu anakwera galimoto kuthawa mvula. Fumbi lawo lisanakhazikike, tebulo linali litabwerera pamalo pake, makatoni aja ana akuseweretsa. Patsogolo pa malemu panali patatsala amayi owerengeka chabe. Kuchokera tsiku limenelo ine munthu wa kamera sindimukhulupirira, ndipo wailesi ndimatsegula pofuna nyimbo basi.

Chaka chino cha 2019, Koleta analengeza kuti aima pa ukhansala wa wodi yathu. Chifukwa chake sichobisika: kachipatala ka pamtunda paja kanatsekedwa, mudamera udzu, ndipo amayi akuchilirabe m'njira monga anachitira amayi ake. Wopikisana naye wamkulu ndi bambo Bonifas Miugle, khansala wathu, mwini malole ndi sikelo yogulira khofi, amene akhala pampando wa pulasitiki apowa. Ndawatchula dzina chifukwa alipo, sindinena munthu kumbali. Anyamata awo anayamba kuimba pamsika kuti thadzi sililira m'bandakucha. Malemu anaima pakati pa msika ndi bilumu lawo n'kufunsa kuti, "Nanga mazira amene munakulira aja anaikira ndi tambala?" Amayi ogulitsa masamba anaseka mpaka kugwira pansi. Sabata yomweyo wina anadula mitengo ya khofi ya Koleta. Amene anadula sadziwika, monga mwa nthawi zonse.

Pa chisankho munthu amalemba nambala ya amene wamufuna, ndipo Koleta anapatsidwa nambala 14. Malemu, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, anauza mwana wawo kuti, "Wandiphunzitsira mudzi wonse, tsopano phunzitsa ine. Zilembo zonse sindizifuna, ndikufuna ziwiri zokhazi." Pepala ankati n'lopyapyala, limang'ambika m'manja mwawo. Anatenga khala la pamoto n'kuyamba kulemba pachitseko cha nyumba yawo, mkati. Wani sanawavute. Folo ndi amene anawazunza: ankatuluka chagada, ankayang'ana kumbuyo, nthawi zina ankaoneka ngati mpando wothyoka mwendo. Tsiku lina ndinawapeza ali chogwada, manja ali bii, chitseko chadzaza kuyambira pansi mpaka pamene dzanja linkafika. Ndinati, "Achemwali, mwayamba zaufiti pachitseko?" Iwo anati, "Khala chete, iwe wa Sitandade 3. Bwera kuno undiuze, iyi yaima bwino?" Asanamve yankho mwana wa nkhumba analowa m'munda, malemu anathamangira kumeneko, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Matenda anayamba nyengo ya Pasaka. M'mimba munkawapweteka, chakudya chinkabwerera, thupi linayamba kutha. Anabisa. Ankaopa kuti tikadziwa tiwatengera kutauni, akagonekedwa, ndipo tsiku la chisankho likawapeza pabedi. Pa 12 Julayi anagwa m'munda wa mbatata. Koleta anathamangira kwa bambo Miugle, popeza galimoto kuno ndi zawo zokha. Dalaivala anati dizilo watha ndipo bwana kulibe. Anawonjezera kuti, "Aphunzitsi, si inu mukufuna kukonza msewu? Yambani lero kuuyeza ndi mapazi." Amayi a mpingo anasoka matumba a khofi, anapisamo mitengo iwiri, n'kuwanyamula. Ine ndinakumana nawo pamlatho, pomwe paja ankandisiya popita kusukulu. Anatsegula maso n'kufunsa kuti, "Alois, Lachiwiri la chisankho lija likadali kutali?" Ndinati layandikira. Anati, "Ngakhale pamachira pompano, mudzandinyamule. Ndikalembe ndekha. Asandigwire dzanja." Anamwalira tisanafike pamsewu waukulu, m'zikhadabo mwawo muli makala.

Abale anga, apa ndi pamene mbiri ya munthu imathera, n'kutchula ana, n'kuthokoza. Koma mbiri ya malemuwa ena akufuna kuiwonjezera tsamba iwo atagona, ndipo ine ndikakhala chete dothi lindikana.

Galimoto imene inalibe dizilo wonyamula wodwala inapeza dizilo wonyamula mtembo. Lachitatu inakatenga thupi ku nyumba yachisoni m'tauni kumene tinakalisungitsa, n'kubwera nalo m'bokosi lonyezimira, la zogwirira zagolide, la galasi pankhope. Pambuyo pake panali matumba a mpunga ndi nkhumba zonenepa, zonse zochokera kwa bambo Miugle. Alamu athu analandira, ndipo sindikuwanyoza. Mwambo tonse tikuudziwa: mkazi akafera ku ukwati, fuko la mwamuna limapereka nkhumba kwa fuko lomubala, timati kulipira mutu. Makola a kuno ali mbee kuyambira pamene matenda anapha nkhumba, ndipo munthu wamanyazi amagwira chilichonse chimene chamuyandikira. Koma kupatsa n'kuika. Tsiku lomwelo amuna anakhala pansi. Makoma a nyumba ya amuna ndi a nsungwi, mawu amatuluka. Anagwirizana kuti Lachiwiri likudzali tebulo lidzakhalapo, mapepala onse a Gandikane, a amuna ndi a amayi, adzalembedwa nambala ya bambo Miugle. Ndipo kuti fuko lisaoneke losayamika, odzagwira zolembera adzakhala Yakob ndi Matias, ana obadwa m'mimba mwa malemu, alongo ake a Koleta.

Ndiye kuti mayi amene anatha moyo wake wonse akupempha pepala limodzi, mtembo wake ndi umene ugule mapepala a amayi onse a mudzi uno. Anawadula chala chifukwa cha maliro a mwamuna. Lero maliro awo omwe akufuna adule manja a anzawo.

Tamverani tsono mawu a kwa Kawage. Mutu wa mlongo wathu sitilandira. Ana a Kawage ndatsala ndekha, wolandira kapena kukana ndine, ndipo ndakana. Sizinali zophweka. Anyamata a kwathu anali atatola kale miyala ndi masamba a nthochi zophikira nkhumbazo. Mmodzi wanditcha nkhalamba yopenga pamaso pa anthu. Mwana wanga weniweni sanandipatse moni m'mawa uno, wakhala uko wayang'ana kumbali. Akuti ndachititsa fuko manyazi, ndataya nyama imene inali kale pakamwa. Chabwino. Nyama imeneyo ikanandikakamira pakhosi. Alamu, ngongole ya mutu palibe, ndaifafaniza pamaso pa bambo mfumu ndi pa anthu onsewa. Popeza kwa ife mulibe mangawa, nkhumba za eni simukuzifunanso. Zamangidwa pamtengo wa pamphambano, zamwetsedwa madzi, palibe yathyoka mwendo.

Mwina ena mwadabwa kuti bokosi lili patsogolo panuli si lija munaliona Lachitatu. Kutacha lero amayi a mpingo, omwe aja ananyamula machira, analowa m'siwa, anatulutsa thupi la mnzawo, analisambitsanso n'kulikulunga m'nsalu zawo. Bokosi lonyezimira analipukuta bwinobwino, analisenza pamitu, n'kukalitula pamphambano pafupi ndi nkhumba. Palibe mwamuna anawatuma. Ine ndinapita kunyumba ya malemu ndi hamala kukazula chitseko. Msomali woyamba unandikanika. Ndili pakati polimbana nawo, wina anandilanda hamala kumbuyo. Anali Matias. Anazula chitseko cha amayi ake, anachiyang'ana mkati nthawi yaitali, kenaka anapita kukaphwasula thandala loyanikira khofi kuti matabwa akwanire. Bokosi ili tapanga awiri. Ndi lokhota, lili ndi mipata, silinapakidwe kanthu. Chivundikiro chake ndi chitseko chija, ndipo mbali ya makala tidzaiyang'anitsa pansi, kumaso kwawo.

Ndikudziwa chimene tachita. Kubweza mphatso ya pamaliro n'kulavulira munthu kumaso, ndipo kuno nyumba zapsapo pa zifukwa zochepera apa. Bambo Miugle, ndinu munthu wamkulu, muli ndi malole, muli ndi anyamata. Ine ndili ndi ndodo iyi. Ngati mkwiyo wanu ukufuna pogwera, nyumba yanga mukuidziwa, tsidya lija, ya denga la udzu, ndimagonamo ndekha. Musakhudze Koleta, musakhudze amayi anasenza bokosi aja, musatseke msewu. Amayi anu okubalani anaima pamzere womwewo ndi mlongo wanga, anapakidwa inki yomweyo, anabwerera chimanjamanja chimodzimodzi. Ngati anthu amakukondani monga mumanenera pa chimkuzamawu, mukuopa chiyani kuti mayi alowe yekha kuseri kwa katoni?

Akuluakulu a Gandikane, ine sindinagwadirepo munthu chifereni bambo anga, ndipo maondo anga ndi ouma. Koma onani, ndagwada. Sindikuti muvotere Koleta. Mwina agwa. Mwina amayi omwewa sakumufuna, mwina anawamenyera ana kusukulu, ine sindikudziwa, ndipo inunso simukudziwa, chifukwa simunawafunsepo. Ndikupempha chinthu chimodzi: Lachiwiri tebulo lisakhalepo. Pepala lifike m'dzanja la mwini wake. Amene sadziwa kulemba asankhe yekha womuthandiza. Mutu wa mlongo wanga mukafuna kulipira, lipirani motero. Nkhumba imadyedwa tsiku limodzi, mawa anthu ali ndi njala.

Yakob, mwana wa mlongo wanga, dzutsa nkhope, ndikulankhula ndi iwe malume ako. Dzanja limene akufuna uligwiritse cholembera Lachiwiri ndi limene amayi ako analilera ndi dzanja lawo la zala zinayi. Analidyetsa, analisambitsa, analiphunzitsa kugwira khasu. M'bale wako wayankha kale ndi hamala. Iwe sindikukakamiza kuyankha pano pagulu. Udzayankhe Lachiwiri.

Ndipo inu amayi, dothi lili kumaso kwanulo musalisambe msanga. Mudzapite nalo pamzere. Mnyamata akadzatenga dzanja lanu kuti apake inki, mudzalibweze, mudzatambasule linalo, mudzanene mawu amene Mayi Pepala ananena zaka zonsezi ali okha, inu mukuyang'ana pansi. Ine ndidzakhala pamenepo kuyambira m'mawa, pamwala wa pafupi ndi sukulu, bilumu lawo lili pamiyendo panga. Kumenya sindingathe. Kuona ndimatha, ndipo mayina ndimasunga.

Malemu asiya ana atatu: Yakob Gende, Matias Gende ndi Koleta Gende. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri mwa izo ndi zazikazi, zonse za zala zokwanira, zonse zili pasukulu. Asiya chidzukulutuvi chimodzi chimene chikuyamwa. Asiya apongozi awo aakazi awiri amene anawasamala osanyinyirika. Asiya ine mlongo wawo. Asiya munda wa khofi, nkhumba yaikazi imodzi ndi ana ake, ndi nyumba yopanda chitseko.

Abanja tikuthokoza bambo mfumu ndi akatekisiti chifukwa cha mapemphero. Tikuthokoza amayi a mpingo chifukwa cha mapewa awo, amene anyamula mlongo wathu ali moyo, anyamulanso katundu wina lero. Tikuthokoza anamwino a m'tauni amene anasunga thupi, anyamata amene akumba manda m'dothi lamiyalali, ndi onse amene mwabweretsa mbatata, nzimbe, masamba ndi nkhuni popanda kutiuza nambala. Bambo Miugle, tikuthokoza chifukwa cha ulendo wa galimoto wobweretsa thupi. Umenewo sitingaubweze pamphambano, choncho khofi woyamba kupsa m'munda wa malemu adzafika pa sikelo yanu, ndipo tidzakhala tathana.

Druagle, mwana wa Kawage, mlongo wanga. Munandifunsa funso tsiku lija muli chogwada, ndipo nkhumba inatisokoneza. M'mawa uno, titangozula chitsekocho, ndaziyang'ana zonse, imodzi ndi imodzi, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Zapansizo n'zokhota, zina zagona chagada. Koma yapamwamba penipeni, yomaliza ija, yaima bwino. Kalaliki aliyense akanaiwerenga.

Ambuye akulandireni, ndipo akutcherereni khutu inu nokha, popanda wofuula kumbuyo kwanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.